Kukwera sitima ya m'mawa pa siteshoni ya Retreat

Ndimakhala kufupi ndi Retreat, kummwera kwa Cape Town, koma ntchito ndimagwira ku Claremont. Amene mwangofika kumene kuchokera kumudzi, ndikuuzeni mmene ndimayendera.

Mu June ndi July ndimafika pa siteshoni kukadali mdima, mvula ikuwaza. Panja pamakhala phokoso la anyamata oitanira minibasi, ndipo amayi amakhala atayala kale malonda: zipatso, maswiti ndi amagwinya, omwe ndi mandasi a kuno. Ndimagula awiri n'kudyeratu pomwepo.

Kenako ndimalowa kukagula tikiti pa windo la Metrorail, kampani yoyendetsa sitimazi. Alipo a ulendo umodzi, opita ndi kubwera, a sabata ndi a mwezi. Ine ndimadula wa mwezi, chifukwa mzere wa Lolemba m'mawa ungakuchedwetseni sitima n'kukusiyani mukuiona ndi maso. Tikitiyo musataye mukakwera, amaifunanso potuluka.

Apa ndiye pofunika kusamala kwambiri. Pa Retreat pamadutsa njanji ziwiri, ndipo zonse zimathera ku Cape Town. Ya Southern Line imachokera ku Fish Hoek ndi Muizenberg, n'kudzera ku Plumstead, Wynberg, Claremont ndi Rondebosch. Ya Cape Flats imayambira pompano, koma ikangodutsa Heathfield imapatuka kulowera ku Ottery, Athlone ndi Pinelands. Ndiye kufunsa kuti "ikupita ku tauni?" sikuthandiza, chifukwa aliyense adzakuyankhani kuti inde. Tchulani siteshoni yomwe mukatsikire. Alonda ovala zonyezimira amayankha bwino, ngakhalenso anthu okwera tsiku ndi tsiku, omwe amaima pamalo amodzimodzi m'mawa uliwonse. Ambiri mwa iwo ndi amayi ogwira ntchito m'nyumba za anthu, ana a sukulu ndi abambo a zomangamanga. Mukatchera khutu mudzamva Chiafrikaans, Chixhosa, Chishona, nthawi zina Chichewa chathu.

Sitima zake masiku ano ndi zabuluu zija. Sizinyamuka zitseko zisanatsekeke, motero zolendewera pakhomo ngati pa zachikasu zakale zinatha, ndipo ine ndimayamikira zimenezo. Chomwe ndimasowa ndi nyimbo za Mulungu ndi ogulitsa malonda, popeza PRASA, bungwe la boma lomwe ndi mwini wake wa Metrorail, inaletsa kulalikira ndi kugulitsa m'sitima zatsopanozi.

Ndikapeza mpando ndimakhala, chikwama pamiyendo, foni m'thumba. Tikanyamuka pa Kenilworth ndimasendera kuchitseko, chifukwa tikangodutsa Harfield Road yotsatira ndi Claremont.