Loweruka la yogati yolimba ku Mufakose, mumzinda wa Harare

Magetsi anazima mbandakucha, choncho nditadzuka ndinathamangira ku firiji ndisanasukusule n'komwe. Usiku ndinasiyamo bakuli, pamwamba pake sefa, m'sefamo kansalu koyera, m'kansalumo yogati imene ndinapanga dzulo. Ndinapeza yadontha bwino. Pansi panali madzi achikasu, pamwamba patatsala chinthu cholimba choti ukazikapo supuni imaima chilili. Imeneyi ndiyo yogati yachigiriki imene m'masitolo a m'tauni amaigulitsa m'timakontena ting'onoting'ono pa mtengo woposa wa buledi. Palibe matsenga. Ndi yogati wamba yosefedwa madzi, basi.

Apongozi anga ali kuno sabata ino. Anandipeza ndikupalira yogatiyo m'mbale ndipo anayang'anitsitsa kaye asanayankhule.

"Nabanda, chambiko chanjinso ichi chochita kufuna mpeni?"

"Si chambiko, amayi. Talawani."

Analawa ndi kansonga ka supuni, n'kunena kuti n'chambiko ndithu koma chonyada. Sindinatsutse kwambiri, chifukwa pachibale pali pachibale. Kusiyana kwake n'kwakuti chambiko cha kwathu, kapena lacto amene anzathu Achishona amadyera sadza, nsima ya kuno, amasasa pa kutentha wamba kwa m'nyumba. Yogati imafuna mabakiteriya awiri okonda kufunda, Lactobacillus bulgaricus ndi Streptococcus thermophilus. Mkaka umautenthetsa mpaka madigiri 85, kuusiya uzizire kufika cha pa 43, kuthiramo masupuni awiri a yogati yakale pa lita iliyonse, n'kuufunditsa maola 6 mpaka 8. Ine choyezera kutentha ndilibe. Ndimaviika chala chotsuka bwino, ndipo ndikatha kuwerenga mpaka teni osapsa ndiye kuti wafika. Mkaka wa m'mapaketi ngati Chimombe umagwira ntchito bwinobwino. Poto ndimamukulunga m'bulangete, ndipo ndi kutentha kwa Okutobala kuno safuna zambiri.

Tili pa phala, apongozi anakumbukira nkhani imene sindinaimvepo. Bambo awo anachoka ku Dedza nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland n'kukhala khukhi panyumba ya Mgiriki wina wa sitolo, Harare akutchedwa Salisbury. Akuti adona a panyumbapo ankamangirira kathumba ka nsalu kumpopi wa kukhitchini usiku wonse, mkaka ukudontha, ndipo bambowo akabwera ku Mbare Lamlungu ankaseka kuti azungu aja amataya msuzi n'kudya nsenga. Agiriki analipo ambiri mumzinda muno, a masitolo ndi mabekale, ndipo mpaka lero sukulu zawo zotchedwa Hellenic zilipo. Ndiye kuti chinthu chimene ana anga amachiona ngati chachilendo cha pa Instagram, agogo awo aakulu ankachitsukira nsalu.

Phala lake linali la mgaiwa. Nditaphula ndi kugawa m'mbale, ndinaika supuni ya chiponde pansi, supuni ziwiri za yogati pamwamba, ndi nthochi yoduladula. Wamng'ono amafuna uchi, ndimamuthirira pang'ono (mwana wosakwana chaka musamupatse uchi, zimenezi azachipatala amanena kawirikawiri). Chimene ndimakondera phala lotere n'chakuti limakhalitsa m'mimba. Magalamu 100 a yogati yosefa amakhala ndi magalamu 9 kapena 10 a mapuloteni, pamene yosasefa imakhala ndi ochepera theka la amenewa. Ana akadya chonchi sandivutitsa ndi za maputi (mbuliwuli za kuno) nthawi ya 10 isanakwane.

Ndisananyamuke kupita kumsika ndinanyika nkhuku. Apa ndiye pamene yogati imandisangalatsa kuposa pena paliponse. Nkhuku yoyera ija, ya bloyila, ndinaiduladula, n'kuicheka mizere mpaka pafupi ndi fupa. M'mbale ndinasakaniza kapu imodzi ya yogati, adyo wosinja, jinja, kale (curry), paprika, mchere ndi madzi a ndimu theka. Ndinapakapaka ndi manja kuti zilowe m'mizere muja, n'kuvundikira, n'kuika m'kula bokosi momwe munali mabotolo a madzi oundana, popeza firiji inali itayamba kale kutuluka thukuta. Asidi wa mu yogati ndi wofatsa. Amafewetsa nyama pang'onopang'ono, pamene viniga kapena mandimu okhaokha akachuluka amaumitsa kunja n'kuichititsa kuoneka ngati yaphikidwa kale. Komanso chifukwa ndi yolimba, imamatirira pa nyama m'malo motsikira pansi pa mbale. Amwenye amachita zomwezi ndi nkhuku ya tandoori.

Za ku Mbare Musika palibe zambiri. Dzuwa, fumbi, anyamata a mangolo kukuwa kuti tipatuke. Ndinagula nkhaka, kabichi, mandimu, mbatata, nthochi za ku Honde Valley ndi malambe, amene kuno amati mawuyu. Wogulitsa tomato analibe chenji cha dola, anandiwonjezera anyezi.

Nditabwerako ndinatembenukira madzi achikasu aja. Ambiri amataya, ndipo ndi pamene kupanga yogati yosefa kumasanduka kuwononga ndalama. Tawerengani nokha: pa malita awiri a mkaka, yogati yolimba imene umatsala nayo sikwana lita. Ena onsewo ndi madzi amenewa, ndipo m'menemo mwapita gawo la kashiamu ndi shuga wa mumkaka. Ukataya, ndiye kuti wataya theka la zimene unagula. Ine ndimaphikira chigumu. Makapu atatu a mgaiwa, kapu imodzi ya fulawa, shuga, kamchere, nthochi zakupsa kwambiri zitatu zofinyafinya, tiyisupuni ya soda, mafuta pang'ono, kenako madzi a yogati aja m'malo mwa madzi wamba mpaka zifewe. Soda akakumana ndi chowawasa amatulutsa mpweya, ndipo mpweyawo ndi umene umafufumitsa. N'chifukwa chake ukangosakaniza usachedwe, thira m'poto wopaka mafuta nthawi yomweyo. Ndinaika pa mbaula ya moto wochepa, makala ena pa chivundikiro. Chigumu cha madzi wamba nthawi zina chimamveka soda pakhosi. Ichi ayi, chifukwa chowawasa chija chimamuthetsa mphamvu. Apongozi anadula chikadali chotentha, ine ndikuwauza kuti chiphwanyika, iwo n'kumati mano awo ndi omwe akufuna chophwanyika.

Madzi otsalawo ndinawathira m'botolo. Mawa ena alowa mu mandasi, ena ndiphikira mpunga.

Nkhuku ndinaiwotcha pa waya moto utagwa. Yogati imapserera msanga pa malawi, choncho umafunika makala ofiira opanda lawi, ndipo uyambe wakhutula yochulukayo ndi chala. Inatuluka yofiirira, ya timadontho takuda m'mbali, m'kati muli madzimadzi ngakhale pa chidali pomwe pamauma nthawi zonse.

Mlamu wanga, mng'ono wa bambo a kunyumba, amene akuphunzira ku koleji ndipo amabwera Loweruka kudzadya za ulere, ndiye ankaphika mpiru. Ataona mbale ya yogati anaganiza zothira m'ndiwo zili gaduga pamoto kuti zikhale ngati zotendera. Ndinamugwira dzanja. Yogati ikawira imalekana, madzi paokha, timibulu paokha, chifukwa mapuloteni ake akakumana ndi moto waukulu ali kale m'chowawasa amakungana. Sikuti ndiwozo zimaonongeka moti n'kudwalitsa munthu, koma maonekedwe ake sapatsa mudyo. Njira yake ndi kuphula poto, kutapa msuzi pang'ono wotentha n'kuusakaniza ndi yogati m'kapu kuti ifunde, kenako n'kubwezera m'poto. Ngati ukufunadi kuti zibwerere pamoto, sakaniza kaye yogatiyo ndi tiyisupuni ya fulawa, ndipo moto ukhale wochepa. Ya mkaka wosachotsa mafuta imapirira kuposa inayo. Tinachita choncho, ndipo kunena zoona mpiru wa yogati ndi wongodyeka. Nsinjiro sizilowedwa m'malo. Koma mu supu wa maungu, kapena mu nyemba zothira kale, supuni imodzi pamwamba pa mbale imasintha zinthu.

Pali zina zimene sindivomereza ngakhale a pa intaneti azikometsere. Mu tiyi ayi. Pa matemba ayi. Ndipo kudyera nsima yogati yosefa n'kusewera ndi ndalama, lacto alipo wotchipa ndipo amayenderera bwino pa mbamu. Bambo a kunyumba anakulira sadza ndi lacto, sangasinthe, ndipo pamenepa ndili mbali yawo.

Pa kabichi ndinachita theka mayonezi theka yogati, kaloti wopala, kamchere ndi kashuga. Palibe anazindikira.

Masana dzuwa litafika poipa, mwana wanga wachisamba anafuna kupanga chija Agiriki amachitcha tzatziki, chimene anachiona pa foni. Ndinamusiyira khitchini, ine n'kukhala pa mpando pakhomo kumangolangiza. Nkhaka anaipala pa gireta, anaiwaza mchere, n'kuisiya kanthawi. Kenako anaiika m'kansalu n'kufinya. Madzi amene anatuluka m'nkhaka imodzi anamudabwitsa, anachita kundionetsa kapu. Ukapanda kufinya, madzi onse aja amene unavutikira kuchotsa usiku amabwereranso kudzera ku nkhaka. Anathira adyo kambewu kamodzi kosinja bwino, ndimu, mchere, ndi mafuta pang'ono. Eni ake amathira mafuta a olivi ndi masamba a dill kapena timbewu tonunkhira, ife tinathira timbewu ta kuseri kwa nyumba ndi mafuta ophikira omwewa. Mng'ono wake anawonjezera kambuzi m'mbale yakeyake. Tinadyera mbatata yokazinga, yodula mulitali ngati tchipisi. Kutsekemera kwa mbatata ndi kuwawasa kwa yogati zimagwirizana kuposa mmene zimachitira ndi mbatatesi.

Ali pakati posusa, mlamu uja anafunsa chifukwa chake makontena ena amalemba kuti "Greek style". Ndinamuuza zomwe ndikudziwa. Ku England nkhaniyi inafika kukhoti. Kampani ya Fage ya ku Athens inasumira Chobani ya ku America, ndipo mu 2013 khoti la ku London linagamula kuti kumeneko yogati yotchedwa yachigiriki iyenera kukhala yopangidwa ku Greece, ndiye yopangidwa kwina amailemba kuti "Greek style". Chobani imeneyi mwini wake, Hamdi Ulukaya, si Mgiriki n'komwe, anabadwira ku Turkey. Anagula fakitale yakale ya yogati m'chigawo cha New York mu 2005, n'kuyamba kugulitsa mu 2007, ndipo ndi imodzi mwa makampani amene anatchukitsa yogati yosefa ku America. Ku Turkey, ku Lebanon ndi maiko oyandikana nawo akhala akusefa yogati kuyambira kale. Kwa ife ogula, chofunika ndi kutembenuza kontena n'kuwerenga zimene aikamo. Ina imalimba chifukwa yasefedwa, ina chifukwa athiramo kirimu, sitachi kapena jelatini. Yachiwiriyi si yoipa, koma mapuloteni ake sangafike pa a yoyamba ija. Ndipo ya sitiroberi kapena vanila musaiyandikitse pa nkhuku, ili ndi shuga. Yopangira mbewu ya yogati yanu iyenera kukhala yopanda chilichonse, yolembedwa kuti ili ndi mabakiteriya amoyo.

Malambe ndinawanyika m'madzi ofunda, kutikita mpaka ufa wonse utachoka ku nthangala, n'kusefa. Phalaphala lakelo ndinasakaniza ndi yogati yotsala ndi shuga. Awiri onsewa ndi owawasa, ndiye shuga usamuumire. Ndinathira m'timapepala ta mafilizesi n'kumanga, kudikira magetsi. Mafilizesi a malambe a madzi okhaokha amauma gwa, umachita kuluma ngati mwala. A yogati amakhala ofewa, ndipo Lolemba ana akatenga kusukulu amafika nthawi yopuma atasungunuka pang'ono koma akadali ozizira. Pa kutentha kuno chakudya cha mkaka chisakhale panja kupitirira maola awiri chitasungunuka, choncho ndimawauza kuti adye pa buleki yoyamba.

Kakapu kamodzi ndinapatula m'mawa muja ndisanathire mchere kapena adyo paliponse. Imeneyo ndiyo mbewu. Madzulo ndinawiritsa malita ena awiri, kuziziritsa, kuthira mbewu, kukulunga m'bulangete. Apongozi akufuna chigumu china choti atenge ku CCAP mawa akadye ndi anzawo a chigwirizano akatuluka, ndiye madzi achikasu a m'botolo aja mandasi sawaonanso.

Magetsi anabwera cha m'ma 10 usiku, mafilizesi n'kulowa m'malo mwake. Bambo a kunyumba, amene masana anadya nkhuku osanena kanthu, anafunsa ali pa bedi ngati zonyika zija zingathekenso pa nyama ya mbuzi, chifukwa Loweruka likubwerali kubwera anzawo a kuntchito. Ndinati zitheka, koma mbuzi imafuna kugona m'menemo usiku wonse, ndipo mkaka wake, malita anayi, agula ndi iwowo.