Zomwe ndaphunzira pa kusema injini ya kandege: pisitoni ndi silinda

Injini yaing'ono ya two-stroke (yomwe imaphulika kamodzi nthawi iliyonse pisitoni ikakwera ndi kutsika) ili ndi ziwalo zochepa, koma zambiri zopangidwa pamanja zimakanika kulira pa chifukwa chimodzi: pisitoni ndi silinda sizinagwirane bwino. Nyumba ya crankshaft (chitsulo chozungulira chomwe chimapukusa pulopela) itha kusemedwa mokongola, koma mpweya ukamathawira m'mbali mwa pisitoni, mungopukusa pulopela mpaka chala kutupa.

Tengani injini ya 2.5 cc. Bowo la silinda la 15 mm ndi ulendo wa pisitoni wa 14 mm zimapereka pafupifupi 2.47 cc. Woyamba kumene asavutike ndi mtundu wa ABC, wa pisitoni ya aluminiyamu ndi silinda ya mkuwa yofuna kukutidwa ndi chrome. Silinda ya chitsulo ndi pisitoni ya cast iron yopanda ring n'zokwanira, ndipo zimatheka pa lathe (makina osemera zitsulo pozizungulitsa) wamba. Nyumba ikhale ya aluminiyamu 6061, conrod (kamkono kolumikiza pisitoni ndi crankshaft) ya aluminiyamu 2024 kapena 7075 popeza imalandira nkhonya iliyonse, crankshaft ya chitsulo cha 4140 yozungulira mu bushi ya bronze.

Ntchitoyi imayamba ndi silinda, pisitoni pambuyo. Bowo la mkati ndi lovuta kulibweretsa pa muyeso weniweni, pomwe kunja kwa pisitoni mutha kupala pang'onopang'ono mukuyeza ndi micrometer. Dulani mazenera a utsi ndi olowetsa mafuta musanasalaze mkati, chifukwa kudulako kumapotoza silinda ndi kusiya timinga m'mphepete. Kenako salazani ndi kandodo ka aluminiyamu kong'ambidwa, kopakidwa phala la dayamondi. Bowolo lisakhale lofanana: kumtunda kuthine ndi 0.01 mm kapena kuposera apo pang'ono. Kumeneko ndiko kumatentha kwambiri, ndiye kumafutukuka injini ikamalira. Bowo lofanana ikazizira limakhwepa kumtunda ikatentha, pomwe mphamvu ikufunika.

Pisitoni isalazidwe payokha ndi mphete yong'ambidwa, osati m'kati mwa silinda. Kuzipekesa pamodzi ndi phala kumafufuta kuthina kuja. Pisitoni yoyenera imalowa chakumunsi mosavuta, n'kuyamba kugwira itatsala pang'ono kufika pamwamba. Mukayeza, tsukani kaye ndi palafini ndi kaburashi, kenako ndi sopo. Cast iron imabisa timchenga ta dayamondi, ndipo totsalira timapitiriza kudya silinda injini ikulira. Ambiri amafulumira pamenepa, n'kumadabwa kuti injini yafooka isanauluke n'komwe.

Za mazenera, pa injini wamba la utsi limakhala lotseguka madigiri pafupifupi 140 a kuzungulira kwa crankshaft, olowetsa mafuta pafupifupi 120. La utsi liyambe kutseguka ndilo, apo ayi utsi umakankhira mafuta atsopano kumunsi. Pakati pa pisitoni ndi mutu wa silinda siyani mpata wa 0.3 mpaka 0.5 mm, muusinthe ndi timawashala topyapyala. Mano a pulagi wamba ndi 1/4-32 (kotala ya inchi m'mimba mwake, mano 32 pa inchi).

Nyumba ya crankshaft nayo ndi pampu: imayamwa mafuta ndi mpweya n'kuzikankhira mu silinda. Chivindikiro chakumbuyo chikamadontha, kapena bushi ikakhwepa, injini imaphulika kawiri katatu ndi mafuta omwe mwathira pa zenera la utsi, n'kuzima. Musaimbe mlandu singano yosinthira kuchuluka kwa mafuta musanaone pamenepo.

Mafuta ake ndi methanol wosakaniza ndi mafuta a nsatsi okwana 20 peresenti kapena kuposa. Pa chitsulo ndi cast iron, nsatsi sindingaisinthe ndi china, chifukwa imapirira kutentha. Nitromethane 5 peresenti amathandiza kuliza. Pulagi imayatsidwa ndi batire la 1.5 V, kenako waya wake wa platinum umapitiriza kufiira wokha pokhudzana ndi methanol.

Poilizitsa koyamba, mangani pulopela ya 8x4 (mainchi 8 m'litali, kupendama kwa mainchi 4), tsegulani singano kuti mafuta achuluke, ilire mphindi imodzi kapena ziwiri, izizire, mubwerezenso. Mafuta otuluka ku utsi akakhala otuwa ngati phulusa, zimitsani ndi kumasula: pali chitsulo chomwe chikudyeka, kawirikawiri conrod yokhuza chivindikiro chakumbuyo kapena bowo la pini la pisitoni lomwe linabooledwa mopendama.