Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Wayilesi ya sefuliya

Gawo lapitali linathera pamene ndinayamba kuphunzira kukonza mawayilesi. Ndisanapitirire, ndilongosole kaye wayilesi imene ndinaphunzirirapo ntchitoyi, chifukwa ena mwaisunga m'nyumba ndipo ikhoza kufera m'manja mwanu tsiku loiyesa.

Dzina lake ndi Saucepan Special, poti chibokosi chake n'chozungulira ngati sefuliya. Inapangidwa ndi Ever Ready ku Britain ndipo inayamba kugulitsidwa mu 1949, mwa khama la Harry Franklin, mkulu wa wayilesi ya ku Lusaka imene inkaulutsa m'Chinyanja mpaka ku Nyasaland. Inkagulidwa mapaundi 5, batire lake masheleni 25, ndipo linkatha patapita maola pafupifupi 300. Imagwira shortwave yokha. FM musayembekezere.

Mkati muli mavalavu anayi, timachubu tagalasi tooneka ngati mababu, ndipo amadya magetsi a mitundu iwiri. Kawaya kotenthetsa valavu, filament, kamafuna mavolti 1.5 basi. Mbali ina yonse imafuna mavolti 90. Batire lakale lija linali ndi zonse ziwiri m'bokosi limodzi. Lero salipanganso, koma mukalumikiza mabatire khumi a mavolti 9 motsatizana, mutu wa ili kumchira wa linzake, 90 ija yakwana. Filament ipatseni batire lalikulu la tochi, kapena awiri olumikizidwa mutu ndi mutu, mchira ndi mchira, kuti akhalitse.

Apa m'pamene ndimadandaulira kwambiri. Waya wa 90 akangokhudza mbali ya filament, mavalavu onse anayi amapsa nthawi yomweyo, ndipo ena kuwapeza n'kovuta. Choncho zulani mavalavu, lumikizani mabatire, yezani ndi mita yoyezera magetsi pa mabowo olowamo miyendo ya filament. Mukaona 1.5, chotsani mabatire, bwezerani mavalavu, kenako lumikizaninso. Musadikire kuti muone kuwala, mavalavu amenewa sayaka mooneka masana.

Wayilesi ikamangoti shii popanda siteshoni, yambani ndi batire la filament. Likatsika kufika pa 1.1, valavu yoyamba, monga DK91, imasiya ntchito zinzake zikadali moyo. Anthu ambiri ankataya batire lonse pa chifukwa chimenechi, mbali ya 90 ili ndi mphamvube. Kuliyanika padzuwa kumangolidzutsa kanthawi kochepa.

Mawu akamatuluka osasa, mabatire n'kumatha msanga, wolakwa nthawi zambiri ndi kapasita (kachipangizo kosunga magetsi pang'ono) yapepala yokutidwa ndi phula, imene ili pakati pa valavu yachitatu ndi yachinayi. Ikakalamba imadutsitsa magetsi, valavu yomaliza n'kumadya mopyola muyezo. Isintheni ndi yatsopano ya nambala yomweyo. Wayilesi ikamalira phuphuphu ngati njinga yamoto, kapasita yaikulu ya kumbali ya 90 yauma.

Eriyo ikhale waya wautali wokwezedwa pamtengo, koma asakhudze nthambi. Waya wa earth mumangirire pa chitsulo chokhomedwa m'dothi lonyowa, ndipo m'chilimwe muzithirapo madzi. Kukachita ziphaliwali, zulani eriyo.