Bwato lili kutsidya: mmene ndinalumikizira wifi pa sikirini yakuda ku Ngabu

Mlamu wanga ndi mphunzitsi ku Ngabu, ndipo kuseri kwa nyumba yake kuli kachipinda komwe ana a Folomu 2 ndi Folomu 4 amabwera kudzawerenga madzulo. Mnzake wina anamupatsa laputopu yakale, ThinkPad T420, yoti mabatani awiri anathothoka kalekale. Maganizo ake anali oti tiikemo mabuku ndi mapepala a mayeso akale, ana aziwatsegula pa mafoni kudzera pa MiFi ya pakhomopo. Makina a ntchito yotere safuna zithunzi, safuna mausi, amangokhala phee pakona. Choncho Loweruka lina mu October ndinakhoma kashopu kanga ka mafoni pa Nchalo, n'kukwera minibasi, fulashi ya Debian, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ya mtundu wa Linux, ili m'thumba.

Amene anakhalapo kuchigwa kuno amaudziwa October. Pofika 9 koloko malata anali atayamba kale kulira, ndiye tinatulutsa tebulo n'kukaliika pansi pa mtengo wa nimu. Magetsi sanali vuto. Chiwonongereni namondwe Ana damu la ku Kapichira mu January 2022, mlamuyo anagula sola ndi batire, ndipo amazinyadira kuposa mbuzi zake.

Kuika Debian sikunatenge nthawi. Pakati penipeni inandifunsa za fayilo ina yomwe imasowa, ine n'kungodina No osawerenga bwino. Kudina kumeneko ndi kumene kunandidyera m'mawa wonse.

Itayaka, inandilandira ndi sikirini yakuda ndi kamzere kophethira. Ndinalowa, n'kulemba `su -` kuti ndikhale root, mwini mphamvu zonse pa makinawo. Kamzere kakumapetoko musakanyoze. Mukalemba `su` yekha, Debian sakuonetsani njira ya ku /sbin, ndipo malamulo monga rfkill ndi dhclient amayankha kuti command not found chikhalirecho alimo. Ndinaonapo munthu akuikanso Debian yense chifukwa cha kamzere kameneka.

Choyamba ndinafunsa makinawo zolumikizira zomwe akuziona:

    ip link

Anatulutsa ziwiri zokha: lo, yomwe ndi ya kompyuta kudzilankhulira yokha, ndi enp0s25, doko la chingwe. Dzina loyamba ndi wl panalibe. Apa mtima umathamangira kunena kuti khadi linafa, ndipo mlamu ananenadi choncho ali chiimire kumbuyo kwanga. Koma `lspci -k` inalionetsa lili bwinobwino pa mzere wa 03:00.0, Intel Centrino Advanced-N 6205, ndipo pansi pake panali dzina la dalaivala wake, pulogalamu yoliyendetsa, iwlwifi. Khadi lilipo, dalaivala alipo, nanga chavuta n'chiyani? Yankho linali mu uthenga womwe kernel, mtima wa Linux, amalemba poyaka:

    dmesg | grep -i firmware

Panatuluka mzere wonena kuti failed to load iwlwifi-6000g2a-6.ucode, kumapeto kwake kuli -2. Nambala imeneyo tanthauzo lake n'lakuti fayiloyo palibe. Dalaivala amakhala mu kernel, koma khadilo limafunanso kapulogalamu kakekake, firmware, komwe kamathiridwa m'khadimo nthawi iliyonse makina akamayaka. Popanda kameneko khadi limangokhala ngati njinga yamoto yopanda mafuta. Kale Debian sankaika mafayilo otere mu fulashi yake yovomerezeka chifukwa opanga makhadi satulutsa poyera mmene anawalembera. Anayamba kuwaikamo ndi Debian 12, yomwe inatuluka mu June 2023. Fulashi yangayi ndinaipanga mu 2022, ya Debian 11, ndipo ulesi ndi umene unandiletsa kuisintha.

Tsono taonani pomwe ndinaima. Kuti wifi igwire ndimafuna fayilo, kuti ndipeze fayiloyo ndimafuna intaneti. Zinali ngati wafika padoko pa Shire, ukufuna kuwoloka, bwato lili kutsidya ndipo mwini wake wapita kumaliro. MiFi ya mlamu ilibe pobaya chingwe cha netiweki.

Chinandiwolotsa ndi foni. Mukailumikiza ku laputopu ndi chingwe n'kuyatsa USB tethering, Linux amaiona ngati khadi la netiweki la chingwe, ndipo safuna firmware ina iliyonse. Chingwe choyamba chomwe mlongo wanga anandipatsa chinali cha pamsika, zija zongotchaja basi, moti pa foni mawu a USB tethering anangokhala otuwa, osadinika. Chachiwiri, chomwe tinachizula ku wailesi ya mlamu, chinagwira. Nditabwereza `ip link` panaoneka usb0. Pa makina ena dzinali limakhala lalitali, loyamba ndi enx. Ndinalemba `dhclient usb0` ndipo intaneti inalowa.

Poti ndinaika Debian popanda netiweki, fayilo ya /etc/apt/sources.list, youza makina kokatenga mapulogalamu, inkangoloza ku fulashi ija. Ndinaitsegula ndi nano, ndinaika # kutsogolo kwa mzere wa cdrom, n'kulemba wanga:

    deb http://deb.debian.org/debian bullseye main contrib non-free

Mawu akumapetowo ndiwo mwini nkhani, chifukwa pa Debian 11 firmware imakhala mu non-free. Pa Debian 12 anaipatsa chigawo chakechake, non-free-firmware. Kenako `apt update`, kenako:

    apt install firmware-iwlwifi iw wpasupplicant rfkill

Ndinkayang'ana manambala akuyenda uku ndikuwerengera bandulo yanga mumtima. Zitatha, m'malo mozimitsa makina ndinangomutulutsa dalaivala n'kumulowetsanso, `modprobe -r iwlwifi` kenako `modprobe iwlwifi`. Ulendo uno `ip link` inatulutsa wlp3s0. Dzinali limaoneka ngati nambala ya galimoto koma lili ndi tanthauzo: wl ndi wireless, p3 ndi s0 zikunena pomwe khadi lakhala, 03:00 uja tinamuona pa lspci. Malangizo akale ambiri amalemba wlan0, ndipo mukangokopera osasintha dzina mudzatukwana makina osalakwa.

Ndinamuuza mlamu kuti akatenge thobwa, zatheka. Ndinafulumira.

    ip link set wlp3s0 up

Yankho: Operation not possible due to RF-kill. Ndinalemba `rfkill list` ndipo pa khadi langa panali mizere iwiri, Soft blocked: no, Hard blocked: yes. Ine maso anangogwera pa liwu loti blocked. Ndinalemba `rfkill unblock all` kanayi konse, ngati kuti makinawo ndi ogontha. Ndinazimitsa n'kuyatsanso. Ndinalowa mu BIOS, momwe mumakhala masetingi a makina enieniwo, ndinapeza wifi ndi yololedwa kale. Thukuta linali likudontha pa kiyibodi, fani ya laputopu ikulira ngati chigayo cha dizilo, mthunzi wa nimu utasuntha moti tinanyamula tebulo kawiri. Mlamu anabwera ndi thobwa lija, anayang'ana nkhope yanga, n'kunena kuti, “Alamu, musadzivutitse, mwina tingoigulitsa kwa anyamata a zitsulo.”

Mwana wa mlongo wanga, wa Sitandade 5, anali atagwada pambali pa tebulo nthawi yonseyi, maso ake ali pa msinkhu wa laputopuyo. Ndiye anafunsa kuti, “Amalume, nanga kabatani aka n'kachiyani?” M'mbali mwa makinawo muli kaswichi kotsetsereka, kakang'ono ngati njere ya mpunga, kodzaza fumbi. Ndinakakankha ndi chikhadabo, kanyali ka wifi kanayaka pompo.

Mizere iwiri ija imanena zinthu zosiyana. Soft blocked ndiye kuti pulogalamu ndiyo yatseka, ndipo rfkill unblock imatsegula. Hard blocked ndiye kuti chatseka ndi chinthu chogwirika ndi dzanja, swichi kapena batani la pa kiyibodi, nthawi zina BIOS, ndipo palibe lamulo lomwe mungalembe kuti litsegule. Makinawo anandiuza zimenezi kuyambira pachiyambi, m'mawu atatu. Mlamu anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo ndikudziwa kuti nkhaniyi idzakambidwa pa ukwati uliwonse wa pabanja pathu.

Kuchoka apo khadi linadzuka. Ndinalemba `iw dev wlp3s0 scan | grep SSID` ndipo mayina atatu anatuluka: MiFi yathu, foni ya winawake wapafupi, ndi ina yopanda dzina. Mukakumana ndi malangizo otchula iwconfig, dziwani kuti ndi chida chakale chomwe iw inalowa m'malo mwake. Ndipo zonse ziwirizi pazokha sizingakulowetseni pa netiweki ya WPA2, mtundu wa wifi yotetezedwa ndi pasiwedi. Ntchito yokambirana za pasiwedi ndi ya wpa_supplicant.

Pamafunika fayilo yokhala ndi dzina la netiweki ndi kiyi wake, ndipo wpa_passphrase ndiyo imaipanga. Pasiwedi ya WPA2 imakhala ya zilembo zosachepera 8, zosapitirira 63. Ya mlamu, yomwe anaisintha kale tsopano, inali mlamba$25kg. Musandifunse chifukwa chake. Ndinalemba chonchi:

    wpa_passphrase "Kwa Aphunzitsi" "mlamba$25kg" > /etc/wpa_supplicant/wpa_supplicant.conf

Sinadandaule chilichonse. Kenako ndinayendetsa wpa_supplicant, dala osaikapo -B. Chilembo chimenecho chimaitumiza kuseri komwe simuona zomwe ikunena, ndipo poyesa koyamba mumafuna kumva chilichonse.

    wpa_supplicant -i wlp3s0 -c /etc/wpa_supplicant/wpa_supplicant.conf

Inapeza MiFi, inayesa kulowa, kenako: 4-Way Handshake failed - pre-shared key may be incorrect. Inayesanso, chimodzimodzi. Ndinamufunsa mlamu ngati pasiwediyo ndi yoona. Anandionetsa pa foni yake, chilembo ndi chilembo, yomweyo. Ulendo uno kaswichi kaja kanali katandiphunzitsa, ndiye m'malo mobwereza lamulo ndinadina Ctrl ndi C n'kutsegula fayiloyo ndi cat. Pulogalamu ya wpa_passphrase imalemba kiyi wautali wa zilembo 64, koma pamwamba pake imasiyanso mzere woyamba ndi #psk wokhala ndi pasiwedi yomwe inalandira. Pamenepo panalembedwa mlamba5kg.

Zilembo ziwiri zinasowa panjira. Mu bash, pulogalamu yowerenga malamulo omwe mumalemba pa sikirini yakudayi, chizindikiro cha $ chikakhala m'kati mwa mitengero iwiriiwiri chimatengedwa ngati chiyambi cha dzina la chinthu chosungidwa. Bash inawerenga $2, inapeza mulibe kanthu, n'kuikapo mphepo. Zotsalazo zinali zilembo 9, zokwanira ndithu, n'chifukwa chake panalibe dandaulo. Mankhwala ake ndi kugwiritsa ntchito mitengero ya kamodzikamodzi, kapena, zomwe ine ndimakonda tsopano, kusalemba pasiwedi pa mzerewo n'komwe:

    wpa_passphrase "Kwa Aphunzitsi" > /etc/wpa_supplicant/wpa_supplicant.conf

Sikirini ikhoza kungokhala chete ngati yaima. Ikudikira inu. Lembani pasiwedi, dinani Enter. Ubwino wina ndi woti pasiwediyo sitsala mu history kuti aliyense wodina muvi wokwera aione. Ndinafufuta mzere wa #psk uja, ndinaika country=MW pamwamba pa fayilo kuti khadi lizitsatira malamulo a mafunde a dziko lino, n'kutseka fayiloyo ndi `chmod 600` kuti root yekha ndiye aziiwerenga. M'nyumba yodzaza ana a sekondale, chimenechi si chokongoletsa ayi.

Nditayendetsanso, mawu omwe ndimawadikira anabwera: CTRL-EVENT-CONNECTED. Ndinaimitsa, n'kuiyendetsanso ndi -B kuti ipite kuseri. Lamulo la `iw dev wlp3s0 link` linaonetsa dzina la MiFi ndi mphamvu ya siginolo.

Kulumikizana ndi MiFi sikutanthauza kuti muli pa intaneti. Mwalowa pageti chabe, simunapatsidwe mpando. Pa Debian 11 adiresi imabwera ndi `dhclient wlp3s0`, ndipo `ip addr` inandionetsa nambala yoyamba ndi 192.168. Ndisanayese ping ndinazula kaye chingwe cha foni chija, chifukwa chikanakhalapo mayankho akanadzera komweko, ine n'kumavina za eni. Ndinalemba `ping -c 3 1.1.1.1`, mayankho atatu. Kenako `ping -c 3 debian.org`, atatunso. Choyambacho chikatheka koma chachiwiri n'kukana, wifi ilibe mlandu, vuto ndi DNS, yomwe imasandutsa mayina monga debian.org kukhala manambala, ndipo kokayang'ana ndi mu /etc/resolv.conf.

Kupatula mafayilo aja, zonse zomwe ndinachita pamanjazi zimatha makina akangozima. Mlamu sangamalembe malamulo atatu nthawi iliyonse batire ya sola ikatha m'bandakucha, ndipo ine sindingamakwere minibasi chifukwa cha dhclient. Pa laputopu ya munthu woyendayenda ndikanaika NetworkManager, yomwe imachita zonsezi ndi mzere umodzi wa nmcli. Koma makina okhala pakona pamodzi, pa netiweki imodzi, safuna zambiri. Mu /etc/network/interfaces ndinawonjezamo mizere itatu:

    allow-hotplug wlp3s0
    iface wlp3s0 inet dhcp
        wpa-conf /etc/wpa_supplicant/wpa_supplicant.conf

Ndinalemba `reboot`, manja ndinawaika m'thumba kuti ndisakhudze kanthu. Itayaka ndinalowa n'kulemba `ip addr`, adiresi inali pomwepo. Ndinabwereza kachiwiri, ulendo uno nditamuuza mwana uja kuti ndiye alembe. Analemba ndi chala chimodzi, lilime lili panja, ndipo nambala inatuluka.

Mabuku ndinawathira madzulo dzuwa litapepa, titadya nsima ya mlamba weniweni. Ndisananyamuke ndinapempha selotepi, n'kumata kaswichi kaja kali koyatsa, kawiri mopingasa. Mlamu anati ndilembepo ndi cholembera kuti osakhudza. Ndinamuyankha kuti mukalemba choncho, Lolemba lisanafike mwana wina adzakhala atamatula kale kuti aone. Tinasiya selotepi yokha, ndipo anandiperekeza pa njinga mpaka pamsewu wa M1, komwe kondakitala wina anali akukuwa kale za Nchalo.