Zimene zinachitika m'chipinda cha Mfumukazi Mary

Sabata yathayi hotelo yathu, yomwe ndi nyumba yakale ya miyala m'dera la Kinross ku Scotland, inadzaza monga zimakhalira mu Ogasiti, pamene odzaonera zikondwerero za ku Edinburgh amasefukira mpaka kuno. Lolemba ndi Lachiwiri tinagwira ntchito yokonza zipinda anthu atatu m'malo mwa asanu, ndipo makina ochapira anafanso, koma zimenezo tinazizolowera. Chandilembetsa ndi zimene zinachitika Lachinayi m'chipinda chathu chodula kuposa zonse, chotchedwa dzina la Mary, Mfumukazi ya ku Scotland.

Chimene alendo amalipira m'chipindachi ndi mbiri. Pazenera pamaoneka nyanja ya Loch Leven ndi chilumba chimene Mary anatsekeredwapo mu 1567, pomwe anamukakamiza kusiyira ufumu mwana wake James, khanda la chaka chimodzi, asanathawe pa bwato mu Meyi 1568. Ambiri amafunsa ngati iye anagonapo pa bedi lathu la mizati inayi, ndipo ndimawauza zoona, kuti bedilo linapangidwa m'zaka za m'ma 1800, mwiniwake wa dzinalo atadulidwa kale mutu ku Fotheringhay, ku England, mu 1587. Abwana sakondwa nalo yankho langali.

Komabe mipando ndi matebulo a m'chipindachi ndi akale ndithu, ndipo tebulo lolemberapo linapakidwa shellac, utomoni wochokera ku tizilombo umene amausungunula mu spiriti asanaupake. Aliyense amene wakhalitsa pantchitoyi amadziwa kuti pamenepo pamangofunika nsalu yofewa youma ndi phula la njuchi mwa apo ndi apo, chifukwa chilichonse chokhala ndi spiriti chimausungunulanso utomoniwo. Lachinayi kampani yotibwereka antchito inatitumizira mtsikana wapasukulu, ndipo chifukwa ine ndinali kuthandiza kochapira, abwana anangomupatsa trolley yonyamulira zipangizo ndi mndandanda wa zipinda, namuuza kuti chilichonse chithe m'mphindi 30, nthawi yofanana ndi ya chipinda wamba. Iye anapeza dontho lomata pomwe mlendo anasiya tambula ya whisky, napoperapo mankhwala ophera majeremusi amene timagwiritsa ntchito kubafa. Pamene ankabwera kudzandiitana, manja akunjenjemera, patebulopo panali chigamba chotuwa chachikulu ngati chikhatho, ulusi wa nsalu yake utakanirira mu utomoni wofewawo.

Chimene chinandipsetsa mtima si tebulo ayi, koma kuti abwana atangoona anati aimbira foni kampaniyo kuti mwanayo asadzabwerenso. Ndinawatsegulira buku lathu lolembamo zofunika kukonza, ndi kuwaonetsa malo atatu pamene ndinapempha galasi loyala pamwamba pa tebulolo, timbale toikapo matambula, ndiponso kuti m'chipindachi musamalowe munthu wosaphunzitsidwa. Katatu konse yankho linali lakuti galasi lingachotse maonekedwe achikale pa zithunzi za pa intaneti. Ndagwira ntchito yokonza zipinda zaka 11 m'dziko lino, ndipo sindinayambe ndakwezerapo mawu mkulu wa ntchito, koma tsikulo ndinawauza kuti akamuchotsa mtsikanayo, alembe bwino lomwe amene anamupatsa botololo osamulangiza. Mtsikanayo anabweranso Lachisanu.

Mmisiri wokonza mipando yakale anati tebulolo adzalitenga sabata ya mawa, choncho Loweruka tinaphimbapo ndi nsalu yopeta, ndipo alendo atsopano anaiyamikira kwambiri pokumbukira kuti Mary ankapeta nsalu ali m'ndende ku England. Sindinawatsutse. Pogwada kuti ndisese kunsi kwa bedi ndinapezanso timilu ta ufa wa matabwa pansi pa mzati wa kumutu, chizindikiro chakuti tizilombo toboola matabwa tayambiranso, ndipo ndalemba zimenezi m'buku lomwe lija, pa tsamba lotsatira.