Yunivesite ya boma, ndalama za munthu mmodzi

Amene munaonera mpikisano wa dziko lonse lapansi wa othamanga wa mu 2022 munaliona bwalo la Hayward Field, mumzinda wa Eugene ku Oregon, m'dziko la America. Bwaloli ndi la University of Oregon, yunivesite ya boma, koma ndalama zambiri zolimangira zinachokera m'thumba la a Phil Knight ndi akazi awo a Penny. A Knight ali mnyamata ankathamanga pabwalo lomweli pansi pa mphunzitsi wawo a Bill Bowerman, ndipo awiriwa ndi amene anayambitsa kampani ya Blue Ribbon Sports mu 1964, yomwe lero timaidziwa kuti Nike.

Ine ndinaphunzira pasukuluyi, ndipo dzina la Knight silithawika. Nyumba yaikulu ya mabuku ndi Knight Library. Sukulu ya zamalamulo ili m'nyumba yotchedwa dzina la bambo a Phil Knight, a William Knight. Bwalo la basketball lomwe linatsegulidwa mu 2011 limatchedwa Matthew Knight Arena, pokumbukira mwana wawo amene anamwalira mu 2004. Mu 2016 banjali linapereka madola 500 miliyoni kuti pamangidwe malo a kafukufuku wa sayansi, ndipo mu 2021 linawonjezera madola 500 miliyoni ena. Ndinawerengera mayeso anga m'laibulale ya Knight ija, nyengo yozizira, magetsi osazima, mabuku osasowa. Sindingaime pano n'kunyoza dzanja lomwe linandifunditsa.

Komabe pali nkhani ya mu 2000 yomwe imandisowetsa mtendere mpaka lero. Chaka chimenecho ophunzira anakakamiza akuluakulu a yunivesite kuti ilowe m'bungwe la Worker Rights Consortium, lomwe limafufuza mmene anthu akugwirira ntchito m'mafakitale osoka zovala zokhala ndi chizindikiro cha sukulu. Mkulu wa yunivesite panthawiyo, a Dave Frohnmayer, anavomera. A Knight, amene kampani yawo ya Nike imasoketsa zovala m'mafakitale otere, anakwiya, nalengeza kuti sadzaperekanso kanthu, ndipo madola pafupifupi 30 miliyoni omwe ankayembekezeka pokuzira bwalo la mpira la Autzen anapita. Mu 2001 yunivesite inali itatuluka m'bungwe lija, ndipo chaka chomwecho a Knight anayambiranso kupereka.

Palibe lamulo lomwe anaphwanya. Ndalama ndi zawo, ndipo munthu sakakamizidwa kupatsa. Chimene chimandiwawa n'chakuti ophunzira anakhala panja masiku ambiri pochita zionetsero, aphunzitsi anakambirana, sukulu inagamula monga mwa dongosolo lake, koma mawu a munthu mmodzi analemera kuposa onsewo. Sukulu ya anthu onse ikafika pamenepa ndiye kuti mwini wake weniweni, boma la Oregon ndi anthu ake okhoma msonkho, anabwerera m'mbuyo kalekale. Ndipo anabwereradi: ndalama zomwe boma la Oregon limapereka ndi kagawo kochepa chabe ka bajeti ya yunivesiteyi. Zotsalazo zimachokera ku fizi ya ophunzira, makamaka ochokera kunja kwa Oregon omwe amalipira zambiri, ku ndalama za kafukufuku, ndi kwa anthu akufuna kwabwino.

Mbali ina ya kusonkha ndalama ndinaionera pafupi. Madzulo ena ndinkagwira ganyu m'chipinda choimbira mafoni, momwe ophunzira timakhala m'mizere, chomvera m'makutu, kompyuta ikutulutsa dzina la munthu amene anamaliza maphunziro zaka zapitazo. Ambiri sankayankha. Ena ankadula ndisanamalize moni. Koma ndimakumbukira mayi wina wachikulire, mphunzitsi wopuma pantchito, amene anayamba wandifunsa kwathu, n'kundifunsanso ngati ndili ndi jekete yokwanira. Kenako anati apereka madola 25, ndipo nditafunsa kuti ndalamayo ipite ku gawo liti, anangoti, "Ikani komwe kuli mwana amene akulephera kulipira." Sanafune kuti dzina lawo lilembedwe pakhoma lililonse.

Mphatso zazikulu kawirikawiri zimabwera zitamangidwa kale: iyi ndi ya nyumba yakuti, iyi ndi ya masewera, iyi ndi ya kafukufuku wakuti. Akuluakulu a sukulu sangatenge ndalama ya bwalo la mpira n'kulipirira mphunzitsi wa mbiri yakale kapena kukonzera denga lodontha. N'chifukwa chake pasukulu imodzimodziyo mungapeze nyumba yagalasi ya madola mamiliyoni ambiri, kwinaku fizi ikukwera chaka ndi chaka ndipo wophunzira akumaliza ali ndi ngongole yomutsata mpaka atakwatira.

Kwathu ku Malawi, komwe ana anzeru amasiyira panjira maphunziro a ku yunivesite chifukwa chosowa fizi, ndimamva anthu akulakalaka titakhala ndi a Knight athu. Inenso ndimalakalaka, ndipo akabwera tiwalandire ndi manja awiri. Koma ndisanaombe m'manja ndingafune kuona pepala la mgwirizano, ndione ngati mwalembedwa kuti woperekayo alibe mawu pa zophunzitsa, pa kulemba aphunzitsi ntchito, ndi pa zomwe ophunzira angalankhule. Ndingafunenso kudziwa ngati Nyumba ya Malamulo idzapitirizabe kupereka gawo lake chaka chamawa, kapena idzati ana aja apeza kale wowasamala.