Matalala anatipanikiza pakhonde ku Dedza boma

Ndinanyamuka ku Lilongwe m'mawa dzuwa likuswa mtengo, ulendo wokaona azakhali ku Bembeke ndiye ndimati pobwerera ndigulekonso kachewere. Mtunda wake ndi makilomita 80 ndi kenakake basi koma minibasi inaima pa Nathenje, pa Kamphata, pa Linthipe, pa Chimbiya ponseponse, mpaka tinafika pa boma cha m'ma 2 koloko masana.

Nditangotsika ndinaona phiri la Dedza lija lasowa, kwangoti bii. Amene mumakudziwa ku Dedza mukudziwa kuti n'kokwera, mphepo yake sinyengerera ngakhale mu Januwale. Sindinayende patali chimphepo chinayamba, mapepala ndi majumbo m'mwamba, kenako mvula ya matalala, pamalata kumangomveka ngati wina akuthira miyala. Tonse thawe kukaunjikana pakhonde la golosale ina pafupi ndi msika, magetsi nawo phethi.

Poyamba nkhawa yanga inali foni, ndinaikulunga mu jumbo n'kuibisa m'chikwama. Koma nditatembenuka ndinaona mayi ena ali kumapeto kwenikweni kwa khonde komwe mvula imawomba, mwana kumbuyo, beseni la mandasi pamutu. Chitenje chouma anali nacho chimodzi chokha ndipo amasowa kuti afunditse mwana kapena avindikire mandasi. Anafunditsa mwana. Mandasi onse ananyowa ine ndikuona, ndipo mtima unandiwawa chifukwa mpamba wa bizinesi ngati imeneyi ndi womwewo wa tsikulo, ufa ndi mafuta mmene zadulira panomu, mawa akazinga chani?

Amene anayamba kuchitapo kanthu ndi mnyamata wa kabaza, anali atanyowa kale thupi lonse. Anangoti "amayi bwerani kuno, mwanayo azizidwa," n'kuwapatsa malo ake kukhoma iye n'kuima kunja. Apa m'pamene enafe tinayamba kusunthirana. Ndinavula juzi kuwapatsa kuti amuveke mwana, iwo amvekere "ayi achimwene, nanga inuyo?" ndinati ine ndine wamkulu ndipirira.

Ndiye kunalinso agogo ena tsidya la msewu, ndodo m'manja, madzi a mu ngalande atasefukira ofiira ngati thobwa ndipo akukokolola tomato ndi anyezi za anthu amene anayala pansi. Agogowo amati akaponda kutsogolo n'kubwereranso. Wa kabaza yemwe uja limodzi ndi mnzake anawoloka madzi akulekeza m'mawondo, ziphaliwali zikung'anima, n'kuwanyamula ngati mwana mpaka pakhonde. Agogo akunjenjemera amangoti "zikomo ana anga, Chauta akudalitseni." Mwini golosale naye anatsegula chitseko n'kuwakhazika pa kreti, akazi ake anawabweretsera tiyi wa mu flasiki.

Itakata mvula, mwina patatha ola, tinaona kuti mabenchi angapo a mumsika denga lasasuka, azimayi akutola tomato m'matope mmodzimmodzi n'kumatsuka pamadzi othonya kudenga. Bambo wina anayamba kugula mandasi onyowa aja, ena tinatsatira, beseni linatsika mpaka theka.

Ku Bembeke ndinafika kutada, ndikunjenjemera, azakhali n'kundikhazika pamoto. Atafunsa za juzi ndinawafotokozera za mwana uja, iwo anangolowa kuchipinda n'kunditulutsira jekete ya malemu amuna awo.